Mwana wa ku Chifunde Akapita ku Yunivesite

Mnyamata kapena mtsikana wa m'boma la Chifunde akamaliza kalasi 12 n'kufuna kupitiriza maphunziro, ntchito yake yoyamba ndi kumanga katundu. M'bomali mulibe yunivesite. Sukulu zaukachenjede zimene angapiteko zili mumzinda wa Tete, ku Ulóngwè m'boma la Angónia, kapena kutali ndithu ku Beira, Chimoio, Nampula ndi Maputo. Motero moyo wake wa pakoleji umayamba ndi ulendo, ndipo zaka zinayi kapena kuposerapo zimene amakhala kumeneko zimamuumba m'njira zimene satifiketi siitchula: kayankhulidwe kake, kagwiridwe kake ka ndalama, mmene amaonera akuluakulu, ngakhalenso mmene amadzionera mwini wake.

Kumene amachokera

Chifunde ili kumpoto kwa chigawo cha Tete. Kumpoto kwake kuli dziko la Zambia, kum'mawa kuli boma la Macanga, kummwera Chiuta ndipo kumadzulo Marávia. Bomali linagawidwa patatu: Chifunde, Mualadzi ndi N'sadzo. Pa kalembera wa 2007 munapezeka anthu oposa 100,000. Msewu waukulu wa N9 umachokera ku Tete n'kudutsa m'bomali mpaka pachipata cha Cassacatiza, pomwe tsidya linalo ndi Chanida, njira yopita ku Katete. Anthu ambiri kuno ndi Achewa. Amavina gule wamkulu, amatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo mu Ogasiti mafumu awo amawoloka malire kupita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Likulu lakale la Undi, Mano, linali m'dera lomweli la kumpoto kwa Tete. Chuma cha m'midzi ndi chimanga, mtedza, nyemba ndi fodya, ndipo m'malo ena anyamata amakumba golide ndi manja.

Mbiri ya maphunziro m'derali inadukizidwa ndi nkhondo ya pachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Sukulu zochuluka za m'midzi ya Tete zinatsekedwa kapena kugwetsedwa, ndipo mabanja ambiri anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena n'kukakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke. Ana amene anakulira kothawa nkhondoko ndiwo makolo a ophunzira a lero. Ena mwa iwo anaphunzirako pang'ono m'Chichewa ndi m'Chingerezi, pobwerera kwawo n'kupeza sukulu ya Chipwitikizi imene sanathe kuipitiriza. Ena sanalowe n'komwe m'kalasi. Ichi ndicho chifukwa chake wophunzira wa ku Chifunde kawirikawiri amakhala woyamba pamtundu wake kuponda pa yunivesite. Palibe malume kapena mkulu wake amene anadutsako woti amuuze za kumeneko. Njira amaitema yekha.

Komabe si bwino kumuona ngati mwanapiye wongochoka kumene m'mapiko mwa make. Midzi ya Chifunde ndi yotalikirana, ndipo sukulu za sekondale zofika kalasi 12 ndi zochepa. Ana ambiri amachoka pakhomo ali aang'ono, n'kukakhala kwa achibale kapena m'tinyumba talendi pafupi ndi sukulu, akudziphikira, kutunga madzi ndi kuyeza ufa kuti ufike kumapeto kwa mwezi. Luso limeneli lopirira ndi lodzisamala ndilo chuma chachikulu chimene amapita nacho mumzinda, ndipo anzawo okulira m'tauni nthawi zambiri sakhala nalo.

Pakhomo pa yunivesite

Sukulu zaukachenjede za boma ku Mozambique zimatenga ophunzira kudzera m'mayeso olowera, amene aliyense amawatcha exame de admissão. Kukhoza kalasi 12 pakokha sikukwanira. Wophunzira amayenera kulembetsa, kulipira, kukhala ndi chitupa cha unzika ndi nambala ya msonkho yotchedwa NUIT, n'kupita kumene mayesowo akulembedwera. Masiku ano zambiri mwa izi zimachitika pa intaneti. Kwa mwana wa mumzinda imeneyi ndi ntchito ya masana amodzi. Kwa mwana wa ku Mualadzi ndi nkhani ya netiweki, ya foni yobwereka ndi ya ndalama ya galimoto. Alipo amene amagwa asanalembe ndi funso limodzi lomwe, chifukwa uthenga wa tsiku lotsekera unawafika mochedwa.

Amene apambana amakhala ndi malo angapo osankha m'chigawo chawo. Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, imadziwika ndi maphunziro a migodi, a kayeretsedwe ka miyala ya mtengo wapatali, a makompyuta ndi a kawerengedwe ka ndalama. Universidade Zambeze, yomwe likulu lake lili ku Beira ndipo inayamba kuphunzitsa mu 2009, ili ndi nthambi ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndi nthambi ya zaulimi ku Ulóngwè. Universidade Púnguè inabadwa mu 2019 pamene boma linagawa Universidade Pedagógica, ndipo nthambi yake ya ku Tete ikupitiriza mwambo wosula aphunzitsi. Universidade Católica de Moçambique nayo ili ndi nthambi mumzindawu ya zachilengedwe ndi zamigodi. Kupatula izi pali sukulu zauphunzitsi za ku Angónia ndi ku Chitima, sukulu ya zamigodi ya ku Moatize ndi ya zaumoyo ya ku Tete. Ochepa amafika mpaka ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, yunivesite yakale koposa m'dzikomo, imene inayamba mu 1962.

Kusankha kumeneku sikuyenda ndi mtima wokha. Wophunzira amene ankalota za udokotala amatha kulowa uphunzitsi chifukwa maphunziro ake ndi afupi ndipo ntchito ya boma imaoneka yapafupi. Wina amasankha Ulóngwè chifukwa kumeneko kumayankhulidwa chiyankhulo cha kwawo, nyengo ndi yozizira ndipo chakudya n'chotchipa. Kuvomera kosi imene si ya kumtima, n'kuphunzira kuikonda kapena kuipirira, ndi phunziro loyamba la ukulu limene ambiri amalandira asanaone mphunzitsi aliyense.

Nkhani ya lilime

Palibe chimene chimayesa wophunzira wa ku Chifunde m'chaka choyamba kuposa chiyankhulo. Kwawo amayankhula Chichewa, chimene m'mabuku a boma la Mozambique chimalembedwa kuti Cinyanja. Wailesi zimene ankamvera ali mwana nthawi zambiri zinali za ku Zambia ndi ku Malawi. Chipwitikizi anachipeza m'kalasi, ndipo chinkathera pachitseko cha kalasiyo. Pa yunivesite zonse zimachitika m'Chipwitikizi: maphunziro, mayeso, makalata a ku ofesi, mikangano ya pabwalo, ngakhale kufunsira. Akatuluka panja mumzinda wa Tete amamva Chinyungwe, chomwe n'chapachibale ndi Chichewa moti zambiri amazimva, koma akangotsegula pakamwa anthu amadziwa kuti ndi wa kumtunda.

Vutoli si la Chifunde yokha. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho sakwana munthu mmodzi pa asanu aliwonse. Boma linazindikira izi kalekale. Kuyambira 1993 mpaka 1997 linayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo Tete inali chimodzi mwa zigawo ziwiri zosankhidwa, ndi Chinyanja, pamene ku Gaza anayesa ndi Chichangana. Mu 2003 maphunziro a ziyankhulo ziwiri analowa m'ndondomeko ya sukulu za pulaimale. Koma si sukulu zonse zimene zinawalandira, ndipo pamwamba pake, ku sekondale ndi ku yunivesite, Chipwitikizi chimalamulirabe chokha.

Zotsatira zake zimaonekera m'kalasi. Wophunzira amene kwawo ankadziwika ndi kulongolola amasanduka wachete. Yankho amalidziwa, koma amaopa kuti mawu amupotoka pakamwa anzake n'kumuseka. Amakhala kumbuyo, amalemba zonse zimene mphunzitsi wanena, usiku n'kumazitanthauzira m'mutima mwake. Pa masamu ndi sayansi amatha kuposa anzake, koma pofika tsiku loimirira kutsogolo kufotokoza ntchito ya gulu thukuta limamutsika ngakhale kunja kuli kozizira. Aphunzitsi osazindikira amaganiza kuti ndi wopanda nzeru. Kumeneko n'kulakwitsa kwakukulu, chifukwa munthu amene akuganiza m'chiyankhulo china n'kumayankha m'china akugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi.

Kusintha kumabwera pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri sikubwera kudzera m'buku. Kumabwera m'chipinda chogona, pamene mnzake wa ku Quelimane kapena wa ku Inhambane samva Chichewa ndipo palibe kuchitira mwina koma kuyankhula Chipwitikizi pokangana za mchere ndi makala. Kumabwera m'magulu owerengera limodzi, kutchalitchi, pabwalo la mpira. Pofika chaka chachiwiri manyazi amayamba kutha. Pofika chachitatu ena amazindikira kuti ziyankhulo zimene ankachita nazo manyazi ndi chuma. Wophunzira zaumoyo amene amamva Chichewa ndi Chinyungwe ndiye amamvetsa msanga wodwala wa kumudzi pachipatala chachikulu cha Tete, pamene mnzake wa ku Maputo akufunafuna womasulira. Amene anatolako Chingerezi kwa makolo kapena pamalire amapeza kuti mabuku ambiri a sayansi ndi makampani a migodi amachifuna. Tsiku limene wophunzira amasiya kubisa kwawo n'kuyamba kukutchula mosanyinyirika ndi tsiku lalikulu pa kukula kwake, ngakhale silikhala ndi mwambo uliwonse.

Ndalama ya fodya ndi kalendala ya sukulu

Chaka cha maphunziro ku Mozambique chimayamba cha mu Febuluwale kapena Malichi. Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti imeneyi ndiyo miyezi yowawa. Nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chikadali m'munda, fodya ali m'chigafa. Misika ya fodya imatsegulidwa pambuyo pake, ndipo mlimi amene analima pa mgwirizano ndi kampani amayamba wabweza ngongole ya feteleza ndi zipangizo asanaone phindu. Kotero ndalama yolembetsera, ya lendi, ya ulendo ndi ya zofunda imafunika pa nthawi imene pakhomo palibe kanthu. Mbuzi zimagulitsidwa. Nthawi zina ng'ombe. Nthawi zina banja limakongola kwa wamalonda, kubweza kwake n'kukhala kowawa.

Nkhani ya fizi sikhala ya bambo ndi mayi okha. Pa Chichewa mwini mbumba ndi malume, atsibweni, ndipo mwana wa mlongo wawo akamapita kutali mawu awo amafunika. Mabanja ena amasonkherana: atsibweni thumba la chimanga, azakhali nkhuku, mkulu wake wogwira ntchito ku Moatize kandalama ka mwezi ndi mwezi. Chithandizo chotere ndi dalitso, komanso ndi katundu. Wophunzira amadziwa kuti sakuphunzira yekha. Akalephera phunziro limodzi amamva ngati wataya mbuzi ya agogo. Ambiri sanena kwawo akakumana ndi vuto. Pafoni amangoti, "Tili bwino amayi, musadandaule," ali ndi masiku awiri osalawa ndiwo.

Boma lili ndi bungwe lopereka thandizo kwa ophunzira, Instituto de Bolsas de Estudo, ndipo sukulu zina zimachepetsako fizi kwa osowa. Koma ofuna amachuluka kuposa mwayi, ndipo kupempha kwake kumafuna mapepala amene mwana wa kumudzi amavutika kuwasonkhanitsa. Otsalawo amadzithandiza. Ena amaphunzitsa ana a eni nyumba madzulo. Ena amagulitsa mayunitsi a foni, kuluka tsitsi, kutaipa ntchito za anzawo, kapena kubweretsa mtedza ndi nyemba kuchokera kumudzi n'kumagulitsa pang'onopang'ono. Alipo amene amasamukira ku makalasi a usiku, otchedwa pós-laboral, kuti masana azigwira ntchito, ngakhale fizi yake ndi yokwera. Kubwera kwa M-Pesa ndi e-Mola kunapeputsako zinthu, chifukwa kale ndalama inkadikira munthu wodalirika wopita ku Tete, pamene lero imafika tsiku lomwelo malinga kumudzi netiweki ikhalepo.

Pa zonsezi wophunzira amatulukamo ndi nzeru imene palibe kosi imene imaphunzitsa. Amadziwa kugawa ndalama ya mwezi, kukana chinthu chimene akuchilakalaka, kukongola ndi kubweza pa nthawi yake kuti ubale usathe. Amadziwanso kulandira thandizo popanda kudzichepsa mopitirira, luso limene ngakhale akuluakulu ena limawavuta.

Kukhala mumzinda wa Tete

Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi ndipo ndi umodzi mwa malo otentha koposa m'dziko la Mozambique. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo imeneyi ndiyonso nyengo yokonzekera mayeso omaliza chaka. Wochokera kumtunda kwa Chifunde, kumene usiku kumawomba kamphepo, amavutika tulo m'kachipinda ka malata. Ambiri amawerenga m'bandakucha kapena amayala mphasa panja.

Malo ogona a pasukulu ndi ochepa, choncho ophunzira amachita lendi m'madera monga Matundo, Chingodzi ndi Samora Machel, awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi. Lendi mumzindawu inakwera pamene migodi ya malasha ya ku Moatize inakopa anthu ochokera kutali, makamaka kampani ya Vale itayamba kukumba mu 2011. Amene sukulu yake ili tsidya lina la mtsinje amawoloka mlatho wa Samora Machel tsiku ndi tsiku, pa minibasi zimene kumeneko amazitcha chapa, kapena wapansi ndalama ikatha. Chakudya ndi nsima yomweyo, koma ndiwo zimasintha: kapenta ndi nsomba zouma za ku Cahora Bassa zimalowa m'malo mwa nkhwani wotendera, ndipo masau ndi malambe amathandiza kunyenga mimba masana.

M'zipinda zimenezi ndimo mumabadwa maubwenzi okhalitsa. Anthu amene anadyera mbale imodzi ufa utatsala pang'ono saiwalana. Ophunzira ochokera boma limodzi amafunana, amalandira atsopano, amene pa yunivesite amatchedwa caloiro, n'kuwasonyeza kogula makala otchipa ndi ofesi yoyenera kugogoda. Mmodzi akadwala malungo anzake ndiwo amamuperekeza kuchipatala. Kumudzi kukagwa maliro amasonkha ya ulendo. Mudzi umene anausiya amaumanganso mumzinda, mwa njira yawoyawo.

Mzinda ulinso ndi misampha yake. Kwa nthawi yoyamba palibe amene akuona nthawi yobwerera kunyumba. Mowa uli pafupi, juga ya pafoni ili m'thumba, ndipo matenda a Edzi sanathe. Ena amagwa m'chaka choyamba, osati chifukwa cha mutu wouma koma chifukwa ufulu unawafika onse nthawi imodzi. Kudzilamulira popanda diso la atsibweni ndi mayeso amene salembedwa papepala, koma ndi amene amachotsa anthu ambiri pamzere.

Mkati mwa kalasi

Malikisi ku Mozambique amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 20, ndipo wokhoza amayambira pa 10. Phunziro lililonse amalitcha cadeira. Amene wachita bwino kwambiri m'kati mwa temu amatha kukhululukidwa mayeso omaliza, amene walephera amapatsidwa mwayi wachiwiri wotchedwa recorrência, ndipo akalepheranso phunzirolo amalisenza chaka chotsatira. Tsiku lopachika zotsatira ndi tsiku limene mitima imagunda mofanana, ya olemera ndi ya osauka.

Chovuta chenicheni si kuchuluka kwa ntchito koma kusintha kwa kaganizidwe. Ku sekondale wophunzira wabwino anali woloweza. Ku yunivesite amafunsidwa maganizo ake, amauzidwa kuti afufuze yekha, ayerekeze mabuku awiri osagwirizana, atsutse. Kwa mwana woleredwa pa mwambo wakuti wamkulu sayankhidwa ndipo sayang'anidwa m'maso, kufunsa mphunzitsi funso lolimba kumamveka ngati mwano. Pamatenga nthawi kuti azindikire kuti ulemu ndi mantha ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndiponso kuti munthu angathe kutsutsa mfundo akulemekezabe mwini mfundoyo. Amene afika pozindikira zimenezi sataya ulemu wa kwawo. Amauwonjezera kulimba mtima.

Kompyuta nayo ndi phiri. Ambiri amaigwira koyamba ali pa yunivesite, ndipo ntchito zoyamba amazitaipa pafoni kapena kulipira wina. Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera mu Malichi 2020 pamene sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 ndipo maphunziro anasamukira pa intaneti. Amene anabwerera kumidzi ya Chifunde ankakwera pachulu kapena kuyenda mtunda kufunafuna netiweki, kwinaku akusunga batire ngati mafuta a nyale.

Digiri yoyamba, licenciatura, imatenga zaka zinayi m'makosi ambiri, ndipo udokotala umatenga zoposa pamenepo. Chakumapeto kumakhala kuyeserera ntchito m'chipatala, m'sukulu, m'munda kapena mumgodi, kenako kulemba kafukufuku wotchedwa monografia n'kukamuteteza pamaso pa aphunzitsi. Apa pamachitika chinthu chokondweretsa. Pofunafuna mutu wa kafukufuku, ophunzira ambiri a kumidzi amatembenukira kwawo: kutha kwa mitengo m'madera olima fodya, ana osiya sukulu nthawi yokolola, mankhwala a mekyule amene okumba golide amatsukira m'mitsinje, kasungidwe ka chimanga. Zimene ankaziona ngati moyo wamba amayamba kuziona ngati mafunso ofuna mayankho. Amabwerera kumudzi ndi kope, n'kukhala pansi pamaso pa anyakwawa kupempha chilolezo chofunsa anthu. Pamenepo sukulu ndi mudzi zimakumana mwa munthu mmodzi.

Njira ya mtsikana

Zonse zatchulidwazi zimamugwera mtsikana, n'kuwonjezerapo zina. Kuti afike kalasi 12 amakhala atapyola zaka zimene anzake ambiri anakwatiwa. Malamulo asinthako kumuthandiza. Lamulo la unduna la 2003, limene linkasamutsira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku, linathetsedwa mu 2018. M'chaka chomwecho lamulo latsopano la maphunziro linakweza sukulu yokakamiza kufika kalasi 9, ndipo mu 2019 kunabwera lamulo loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18. Koma lamulo limayenda msanga papepala kuposa m'mudzi. Banja likakhala ndi ndalama yokwanira mwana mmodzi, amene amatsala kawirikawiri ndi wamkazi.

Akafika mumzinda amakumana ndi amuna andalama amene amadziwa bwino lomwe kuti mwezi ukamatha ophunzira amakhala ndi njala. Nkhani za aphunzitsi ena ofuna thupi posinthana ndi malikisi zakhala zikudandaulidwa m'dzikomo kwa zaka zambiri, ndipo mtsikana wopanda wachibale mumzinda amasowa kokanena. Akapita kutchuthi amafunsidwa za banja asanafunsidwe za mayeso. Atsikana amene amamaliza amakhala ataphunzira kunena kuti ayi kwa anthu amphamvu kuposa iwo, ndipo phindu lawo kumudzi limaposa malipiro awo. Namwino kapena mphunzitsi wamkazi wobadwira m'mudzi momwemo amatsegula maso a ana aakazi kuposa msonkhano uliwonse wa mabungwe.

Kubwerera kumudzi pa tchuthi

Tchuthi chachikulu chimagwa mu Disembala ndi Januwale, nthawi yopalira ndi yobandira. Wophunzira amavula nsapato n'kugwira khasu, ndipo anthu amamuyang'anitsitsa kuti aone ngati manja afewa. Amamvetsera ngati akusakaniza Chipwitikizi poyankhula ndi agogo, ngati akugwadabe popereka madzi, ngati akupitabe kumaliro. Ku Mozambique munthu wa digiri amatchedwa doutor ngakhale si wa chipatala, ndipo kumudzi dzinali limafika msanga digiri isanafike. "Adotolo abwera," amatero anzake akale, ena monyadira, ena mobaya.

Apa wophunzira amayenda pakati pa zinthu ziwiri. Amene analowa kudambwe amakhala ndi chinsinsi chimene anzake a mumzinda sachimvetsa, ndipo ena amachinyoza, pamene bungwe la UNESCO mu 2005 linalengeza gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukhala chuma cha anthu onse a padziko. Amene anakulira mumpingo amakumana ndi mafunso atsopano okhudza chikhulupiriro chake. Wophunzira zaumoyo amaona mayi ake aang'ono akupita kwa sing'anga ndi matenda amene iye akuwadziwa dzina ndi mankhwala ake. Akayankhula mwaukali amatchedwa wonyada ndipo samvedwa. Akakhala chete munthu amavulala. Kupeza mawu oyenera, kudzera mwa munthu woyenera, pa nthawi yoyenera, ndi luso limene limasiyanitsa wophunzira wokhwima ndi wongodziwa zinthu. Ambiri amalipeza atalakwitsa kangapo.

Pambuyo pa chipewa ndi mkanjo

Tsiku lolandira digiri makolo ena amafika mumzinda wa Tete koyamba m'moyo wawo. Amayi amalulutira, nsalu zimayalidwa pansi, zithunzi zimajambulidwa zokapachika pakhoma kumudzi. Mawa lake funso la ntchito limayamba. Boma ndilo limalemba anthu ambiri ophunzira m'maboma a kumidzi, makamaka aphunzitsi, azaumoyo ndi alangizi a zaulimi, koma malo amatuluka ochepa ndipo mpikisano ndi waukulu. Migodi imalemba ndi kuchotsa anthu motsatira mtengo wa malasha kunja. Vale nayo inagulitsa mgodi wake wa ku Moatize kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Pali omaliza maphunziro amene amatha zaka akuyenda ndi envulopu, ndipo manyazi obwerera kumudzi chimanjamanja amawasunga mumzinda.

Ena amabwerera mwa kufuna kwawo. Amaphunzitsa m'sukulu zomwe anaphunziramo, amagwira ntchito m'zipatala zazing'ono, amayambitsa malonda a mbewu kapena ulimi wamakono pa munda wa makolo. Aphunzitsi amene ali kale pantchito m'bomali amakweza maphunziro awo ali komweko kudzera m'sukulu zophunzitsa patali, monga za Universidade Católica ndi UnISCED, ngakhale netiweki ndi magetsi zimawabweza m'mbuyo. Obwererawa ndi amene amasintha zinthu kwa otsatira, chifukwa mwana wa kalasi 10 akakhala ndi mphunzitsi wa m'mudzi mwake amene anadutsa pa yunivesite amakhala ndi womufunsa za tsiku lolembetsa, za kosi yoyenera ndi za kokafikira.

Zimene zingachepetse ana otayika panjira n'zodziwika ndipo si zodula zonse. Sukulu za sekondale za m'bomali zingathe kumapachika masiku a mayeso olowera nthawi ikadalipo n'kuthandiza ana kulembetsa pa kompyuta ya pasukulu. Mayunivesite angathe kulola ana a alimi kulipira fizi misika ya mbewu ikatsegulidwa, ndi kupereka maphunziro owonjezera a Chipwitikizi cholemba m'temu yoyamba. Makampani amene amagula fodya ndi kukumba miyala m'derali ali ndi mangawa othandiza ana a anthu amene amawalimira. Ndipo amene anamaliza kale, kulikonse kumene ali, ayenera kukumbukira kuti Febuluwale aliyense pamsewu wa N9 pamaima mwana wina ndi chikwama ndi thumba la ufa, akudikira galimoto ya ku Tete, wopanda nambala ya foni ya munthu aliyense woti akamulandire.